Wachikhumi ndi Chiwiri M'bwalo

Cane Ridge, Mississippi
16 Novembala 2018

Okondedwa achemwali Vernice,

Ndikhulupirira chisanu cha ku Detroit sichinadzutsenso nyamakazi yanu ija. Kuno moyo ulipo, koma mtendere ndiye ayi. Zikomo pondiuza kuti Lamont anafika bwino kwanuko. Mwana wobereka ndekha sakuyankha foni yanga, ndiye ndati ndilembere inu amene mukumuona nkhope tsiku ndi tsiku.

Pa kanema paja munangoona mathero a masewero aja a mpira wachiamerika. Tinkatsogola ndi mapointi awiri, nthawi itangotsala pang'ono kutha. Adani athu a chaka ndi chaka aja anamenya mpira kuti udutse pakati pa mapolo, n'kuphonya. Bwalo lonse linachita kugwedezeka, mpaka azimayi a m'kwaya yathu kulumpha ngati atsikana. Kenaka woimbira anaponya kansalu kake kachikasu kosonyeza kuti lamulo laphwanyidwa. Akuti anyamata athu analimo khumi ndi awiri m'malo mwa khumi ndi mmodzi. Woimbirayo anawasendeza adaniwo pafupi ndi mapolo n'kuwapatsanso mwayi, ndipo ulendo uno sanaphonye. Wachikhumi ndi chiwiriyo anali mwana wanga.

Mukudziwa kuti mwa aphunzitsi onse a timu ya koleji, owerenga anyamata olowa m'bwalo pa nthawi yotere ndi alamu anu, a Harlan. Khalidwe la tawuni ino mukulidziwanso. Kutacha Lamulungu tinapeza zikwangwani zitazikidwa pakapinga pathu, zolembedwa kuti nyumba ino ikugulitsidwa. Anthu akuluakulu, ena madikoni, kukazula zikwangwani za eni ake kuti atiuze tisamuke! A Harlan anazizula n'kuziunjika kuseri kwa galaja.

Tawuni yonse inasanduka bwalo la milandu. Kokonzetsa tsitsi, Mayi Purvis akuti mnyamata wa pa koleji wosatha kuwerenga anzake ndi wa ntchito yanji, pomwe mwana wawo anakanika ngakhale kuimba ng'oma m'bandi. Ena pa wailesi akuti ayi, wosewera ndi womvera chabe, kuwerenga n'kwa mphunzitsi. Aliyense anali katswiri, achemwali, ngakhale amene sanagwirepo mpira chibadwire.

Lolemba mphunzitsi wamkulu anawauza a Harlan kuti wina ayenera kuyankhapo, ndipo anawaimika pamaso pa atolankhani. Ine ndinkamvera ndili kukhitchini. Anati, "Mnyamatayo analowa yekha, palibe anamuitana." Mnyamatayo. Mwana wawo yemwe anamuphunzitsa kugwira mpira asanadziwe kumanga nsapato, lero ndi mnyamatayo. Kuyambira tsiku limenelo zikwangwani zinasiya kubwera. M'malo mwake ana asukulu anapaka nambala 12 pagalimoto ya Lamont, ndipo anzake a m'timu anayamba kumusiyira tebulo lonse m'chipinda chodyera.

Lachiwiri anabwera kudzadya nafe. Ndinamukazingira nsomba ija amaikonda, koma sanaigwire n'komwe.

"Adadi, munandikankha ndinu," anatero mofatsa. "Munati taperewera mmodzi."

A Harlan anayankha kuti m'phokoso limene lija munthu sangakumbuke chilichonse. Apo Lamont anatembenukira kwa ine.

"Amayi, mpando wanu uli kumbuyo kwenikweni kwa benchi yathu. Inuyo munaona chiyani?"

Ndinadzuka n'kunena kuti buledi wachimanga akupserera. Mu uvuni munalibe kanthu, achemwali, ndipo iye ankadziwa. Pobwerera ndinapeza mpando wake uli wokha.

Musawadane alamu anu, ngakhale ineyo masiku ano ndikumagona chowafulatira. Akuti mwanayo ndi wamng'ono, anthu adzaiwala, koma mphunzitsi wa imvi akachotsedwa palibe koleji ina imene imamuyang'ananso. Ndi zoona. Tasamuka kambirimbiri chifukwa cha mpira umenewu, ndipo ino ndi nyumba yoyamba imene mitengo yodzala ine yafika popereka mthunzi. Ndinkaifuna nyumbayi, n'chifukwa chake ndinathawira ku uvuni. Dzulo ndinawapeza a Harlan ataima kuseri kwa galaja, akungoyang'ana mulu wa zikwangwani zija, khofi atazizira m'manja. Ndinamva chisoni, ndinamvanso ukali, ndipo sindikudziwa chimene chinali chachikulu.

Ndili ndi zopempha. Anachoka wopanda jekete lochindikala, mumubwereke la malemu alamu anga. Bondo lake lamanja limatupa kukazizira, ndipo sanganene yekha. Za mpira musamufunse. Lachinayi likubwerali, pa Tsiku Lothokoza, mumuikire mwendo wa nkhukundembo, nyama ya pachifuwa saikonda. Ine ndiphika monga mwa masiku onse, ndipo mbale yake ndiika pamalo pake.

Mundiperekere moni kwa mwana wanu Corinne ndi adzukulu, ndi kwa abusa anu. Kwa Lamont musapereke moni, ali ndi ufulu wowukana. Mungodikira atakhuta, mukhale naye pansi, mumuuze chimene ndikawauzenso bambo ake ndikangoponya kalatayi, ndipo nyumba igulitsidwe ngati n'kugulitsidwa. Mumuuze kuti amayi ake analiona dzanja lija pamsana pake. Linali lamanzere, la mphete imene ndinaliveka ndekha.

Ndine mng'ono wanu wosweka mtima,
Odessa