Seva Ndaisokoneza Ndekha

Lachitatu madzulo. Mtima sunakhale m'malo tsiku lonse.

Seva, kompyuta yosunga zonse za pachipatala chathu, ndaisokoneza ndekha. Muli mapulogalamu atatu aulere: ina imasunga mayina a odwala ndi mankhwala awo, ina imaonetsa tsamba lowerengerapo mayinawo, yachitatu imalumikiza ziwirizo. Dzulo ndinapita nayo ku Zalewa, kumene netiweki imagwira bwino, n'kuikamo yolumikiza yatsopano. Palibe anandituma. Lero anamwino atsegula tsamba, langoti mbee. Yatsopanoyo sikugwirizana ndi zakale zija.

Ndafunsa pa intaneti. Wina akuti ndisinthenso yosunga mayina, wina akuti ndisaikhudze n'komwe, ndingataye zonse. Koma onse akuyamba ndi funso limodzi: kodi mayinawo unakopera pena? Fulashi, kachipangizo kamene ndinakoperamo mayinawo, ndinaifufuta mwezi watha kuti ndiikemo nyimbo za kwaya. Izi sindinauze munthu.

A Sisitala, akulu a pano, andipeza ndili pa seva. "Pofika mawa zikhala bwino, eti?" Ndati, "Zikhala bwino, mayi." Achoka osafunsanso, poti amandikhulupirira. Ndine ndinawaumiriza kuti tisiye kulemba m'mabuku.

Mawa n'tsiku lolandira mankhwala. Anthu adzalawirira kutsika m'mapiri wapansi, ndipo amene anataya timabuku tawo takuchipatala, seva yokhayo ndiyo ikudziwa kuti amamwa chiyani.

Lamulo louza seva kuti isinthe yosunga mayina ndalilemba kale, kwangotsala kudina batani limodzi. Ndatuluka panja kawiri, ndabwerera kawiri. Sindinadinebe.