Funso lotsala pa bolodi

Lolemba, 10 Juni

Anthu a maliro apita onse. Felesiya wabwerera kusukulu. Ndasesa pakhonde kawiri.

Bolodi la bambo a Felesiya lidakali pakhoma, pomwe ankaphunzitsira ana a kuno ku Mitundu masamu akaweruka. Tsiku lomwe anagwa analembapo 164,009. Pansi pake, "Kodi imagawika?" Yankho sanalembe.

Alamu a Bester, mng'ono wawo, aimba foni kuchokera ku Nathenje. Akubwera Loweruka kudzagawa katundu. Bolodi akuti lipita kusukulu ya mkaka ya akazi awo. Ndangoti chabwino.

Lachiwiri, 11 Juni

Ine ndine wa ndakatulo ndi mabuku a mbiri, masamu ndinkawasiyira iwo. Koma sindikufuna bolodi lifufutidwe funso lisanayankhidwe. Chimenechi chokha ndicho ndikudziwa kuti ndikufuna.

Ndayamba kugawa m'kope. 2 ayi, imathera ndi 9. Ndi 3 kutsala 2. Ndi 7 kutsala 6. Ndi 13 kutsala 1.

Imodzi yokha. Ndayiyang'ana mpaka tiyi wazizira.

Lachitatu, 12 Juni

Ndafika 97. Palibe.

Lachinayi, 13 Juni

A Madalitso, mnzawo wa bambo a Felesiya wa kusukulu, abwera ndi shuga. Aona kope.

"Mayi, foni yangayi ikhoza kukuuzani musanaphethire."

Ndati ayi.

"Ndiye Khirisimasi idzakupezani mukugawabe." Aseka, kenako achita manyazi. Ndawauza kuti asadandaule. Potsanzika anena kuti ndisavutike kupitirira 404, chifukwa 405 kuchulukitsa ndi 405 imaposa kale nambala ija.

Ndafika 151. Ndadya mbatata ndili chiimire.

Lachisanu, 14 Juni

223. Dzanja likuwawa. Malaya a bambo a Felesiya ndawapinda n'kuika m'thumba monga alamu ananenera. Fungo lawo sindinalimve, kaya latha kaya ndi mphuno zanga.

Sindimaliza. Mawa.

Loweruka, 15 Juni

Nditadzuka ndinalibenso mphamvu zogawa, ndiye ndangoti ndione ngati a Madalitso ananena zoona. 405 kuchulukitsa ndi 405: 164,025. Yaposa ndi 16 basi.

16 ndi 4 kuchulukitsa ndi 4.

Ndakhala kaye. Izi ndinkazimva ndikuchapa, iwo akubwereza ndi ana pakhonde mpaka kutopetsa: zikakhala chonchi, uchotse kenako uphatikize. 405 kuchotsa 4. 405 kuphatikiza 4.

401 ndi 409.

Ndachulukitsa pang'onopang'ono, kawiri. 164,009. Osatsala kanthu.

Ndaimirira, kope lagwa, ndakuwa choyang'ana kuchipinda: "Bambo a Felesiya, imagawika!"



A Bester anali ataima kale pakhomo, chingwe chomangira katundu m'manja. Sindikudziwa anafika nthawi yanji. Avula chipewa. Ayang'ana bolodi, ayang'ana ine.

"Achimwene anali wovuta," atero. "Ine anandifunsapo funso lotere ndili Fomu 2, mpaka lero sindinaliyankhe."

Atola choko pawindo n'kundipatsa.

"Lembani kaye, alamu. Katundu adikira."

Ndalemba yankho pa bolodi. 4 woyamba wapindika. Sindinamufufute.