Dzina la Kusukulu ndi Dzina la Kunyumba

Lolemba, 14 Okutobala
Lemba, Clotilda mpongozi wanga, momwe ndikuneneramu, usakonze. Ahedi atsopano, mayi Evelesi, agawa ntchito kukomiti ya sukulu, aliyense yakeyake. Yanga ndi iyi: mwana akajomba masiku atatu, ndikamuone kwawo. A Sebastiano, anzathu a m'komiti, akuti, "Agogo osadziwa ndi A yemwe, kaundula amuwerenga ndi mphuno?" Ndati yoyenda ndi miyendo, si maso. Ndikalephera andichotsa. Chimwalirire amuna anga, ndi kusukulu kokha kumene amandifuna.

Lachitatu, 16 Okutobala
Andipatsa dzina: Esinala Lazaro, Sitandade 5, sabata yonse osaoneka. Ndapita kwa a Lazaro odula nzimbe aja, dzuwa likuswa mtengo. Ndawakalipira mpaka kukhosi gwaa. Nditamaliza, iwo akuti, "Agogo, ana angatu onse ndi amuna." Mpaka kundipatsa madzi akumwa. Manyazi ake!

Lachinayi, 17 Okutobala
Sindinatuluke. A Sebastiano amva kale.

Lachisanu, 18 Okutobala
Kumjigo akuti Nyamwadiya akuwamba nsomba kudambo kwa amalume ake. Nyamwadiya uja anabadwira m'bwato chaka cha madzi osefukira. Ndafunsa, kusukulu amamulemba ndani? Akuti Esinala Lazaro, Lazaroyo ndi agogo ake omwalira aja. Ha! Mwana woti mchombo ndinamudula ndine.

Loweruka, 19 Okutobala
Ndakhala pankhuni zawo zowambira, ndati sindichoka mpaka mwanayu abwerere kusukulu. Amalumewo aseka, avomera. Andipatsanso mlamba. Takhuta.

Lolemba, 21 Okutobala
Nyamwadiya wabwera kusukulu, yunifolomu ikununkha utsi. Ahedi andiitanira muofesi, ine ndati basi, nkhani ya a Lazaro ija, ndachotsedwa. Koma iwo atsegula kaundula, ajambula mzere watsopano.

"Apa tizilemba dzina la kunyumba ndi la mayi ake, makalasi onse. Agogo, khalani pampandopa, tiyambe."

Mphunzitsi akuitana dzina la kusukulu, mwana akulowa, ine ndikunena la kunyumba, ahedi akulemba. Ine kunena, ahedi kulemba, wamva Clotilda? A Sebastiano ntchito yawo kugwira rula.

Ataitana "Lorenso!" a Sebastiano akuti, "Ameneyo ndiye wa ndani?"

Walowa mdzukulu wawo.