Disiketi Ili m'Buku la Nyimbo

Bambo a Joy,

Pepani, ndathamangira ku ofesi musanabwere kuchokera kumunda, ndipo njinga ndatenga ine.

Kompyuta yakale ija imalemba yokha tsiku lililonse limene munthu waigwira ndi zimene wachita. Dzulo ndinasamutsa kaundula ameneyu kuti kompyuta yatsopano izitha kumuwerenga. Sindinadziwe kuti yatsopanoyi imayamba kuwerenga mwezi, tsiku pambuyo. Fayilo ya sikelo ya othyola tiyi inafufutidwa pa 3 Febuluwale, koma papepala panatuluka 2 Malichi, Lachisanu, tsiku limene ndinali ndekha mu ofesi. A manijala anangoona pepalalo n'kundiuza kuti, "Mayi Callista, mawa mudzabweze makiyi."

Kaundula weniweni ali pa disiketi yakuda imene ndaika m'buku lanu la nyimbo. Ndaisiya kuno poopa kuti amene anafufuta fayiloyo angaisowetse. Musaiike pa wailesi, imafufutika, ndipo Joy asaione, ija ya chaka chatha anaisandutsa galimoto. Akabwera mesenjala kudzaipempha, mumuuze kuti simukudziwa za makompyuta. Simukhala mukunama. Ikakwana 2 koloko mubwere nayo nokha, muipereke m'manja mwanga a manijala akuona.

Nkhuku sindinazitsegulire. Nyemba zili pamoto, muziziyang'ana.

Pa 3 Febuluwale linali Loweruka, tsiku la Sabata. Ndinali kutchalitchi pambali panu tsiku lonse, ndipo ndinakutsinani kawiri chifukwa munkawodzera pa ulaliki. Akafuna mboni, mukanene zonse, za kuwodzerazo musasiye.

Ndine,
Mayi a Joy