Zala zanga kapena mwana

Lachitatu madzulo. Lero mtima walemera.

M'mawa mpeni unandipulumuka ndikupala nsomba. Chala chapakati chatupa ngati chinangwa, sichikupindika. Ndinakwera minibasi, imene kuno timati shapa, kupita kuchipatala ku Insaca.

A dotolo anayang'ana mamba a pazigongono pangawa, amene ndinabwera nawo pochokera ku Malawi ndili kamtsikana. Ati si khate, koma zikuoneka kuti matenda omwewa alowa m'mfundo za mafupa, ndipo mafuta odzola sangafikeko. Kuchipatala chachikulu ku Cuamba akandiyeza magazi angandipatse mapiritsi amphamvu. Kenako anatsitsa mawu: "Mayi, mukayamba amenewo, mimba ayi. Amawononga mwana."

Ndinangoti, "Ndamva."

Chikwatiwireni ndakhala ndikudikira tsiku limene anthu adzasiye kunditchula Luiza, n'kumanditchula make uje monga anzanga onse. Amuna anga sindinawauze. Ndikamwa mapiritsi, mwana palibe. Ndikadikira mwana, zala ziuma, nanga mbereko ndidzamanga ndi chiyani?

Apongozi angoitana pabwalopa: "Luiza, nsomba zija mwaanula?" Ndavomera mwaulemu, monga mwa masiku onse. Ndimafuna kulemba zambiri, koma nachonso cholembera chayamba kundipulumuka.