Ba Tate Afika pa Nyanja ya Kaulime

Okondedwa ba Sisi Grace,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni. Kuno ku Matero mu Lusaka tonse tili bwino, ndipo bondo la ba Tate layamba kuchira.

Sabata yatha ndinawaperekeza ku mapiri a Nyika kukaona kanyanja ka Kaulime kamene Agogo ankasimba kaja. Tinadutsa m'nkhalango yowirira, koma pa chitunda chomaliza ba Tate anakhala pansi, akupuma movutikira. Ndinachita mantha, ndinati, "Tiyeni tibwerere."

"Iwe, nachoka ku Lusaka kubwera kuona mitengo chabe?" anatero, nkudzuka.

Titafika anavula nsapato, nkuviika mapazi m'madzi ozizira ngati a m'firiji, nkuyamba kuseka okha.

Chonde muwatumizire jekete yokhuthala, chifukwa kumapiriko kumazizira kwambiri, ndipo akuti chaka chamawa tipiteko tonse pamodzi ndi inu. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esnart