A Malume Akana Kukwera Kajapani

Loweruka, 12 Januwale 1963

Manyazi lero. Oti ndikadzawakumbukira ndili m'manda ndidzatembenukira kukhoma.

Januario, dalaivala wa Bwana, anasiya Kajapani, kagalimoto ka pa pulazi pano, pansi pa msasa kuseri kwa shedi ya fodya. Chitseko chosakhoma. Anthu onse kumunda. Ine ndi tayi wanga, ndi maphunziro anga onse a ku koleji, ndinalowa. Kungonunkhiza mpando basi, ndinadziuza. Kenaka manja pa chiwongolero. Kenaka pakamwa: vuuu, vuuu, giya yachiwiri, vuuuuu. Mtoko ndinali nditadutsa, ndikuyandikira Tete, ndikulizira hutala mbuzi za Apwitikizi, pamene ndinaona chipewa pa zenera.

A Lemani. Malume ake a Esnat, mkazi wanga. Kuchokera ku Dedza, sutikesi m'manja, matope mpaka m'mawondo. Anandiyang'ana kanthawi. "Yang'anani kutsogolo, aphunzitsi, mungachite ngozi."

Ndinatsika. Ndinawalandira sutikesi. Njira yonse mpaka kukomboni sanatchulenso. Zikanakhala bwino akanaseka.

Lamulungu, 13 Januwale

Sanabwere kudzaona fodya. Eni mbumba abwera kudzatenga mbumba yawo: Esnat, Jesinta, ndi Bizwell wakhandayo. Kwawo kwamveka kuti Chitaganya chikutha, Nyasalande ipita payokha, malire atsekedwa. "Mvula ikamabwera, mwini nkhuku amaziitanira m'khola."

Ine? Ndikhoza kutsatira ngati ndikufuna, malo omanga nyumba ya mkamwini alipo. Sukulu yophunzitsa ndiye kulibe. Kuno ndili ndi ana odzaza benchi, choko, ndi malipiro ochepa koma obwera.

Esnat ndinamutenga mu 1956 ndikuti chaka chimodzi chokha. Ndinatumiza kalata yokongola, yokhala ndi mawu awiri a Chingerezi kumapeto. Chaka chija chakula, chili ndi ana awiri.

Esnat akungosenda nthanga za maungu.

Lachiwiri, 15 Januwale

Mulungu sagona! Basi inasiya kulowa kuno chiyambire mvula. Iwo anachita kuyenda pansi kuchokera ku msewu wa tala. Kubwerera ndi mayi, khanda ndi mitolo, pansi sizingatheke. Chopita ku siteshoni ya Marandellas ndi chimodzi: Kajapani, Lachisanu lililonse, kukatenga makalata ndi palafini.

A malume anafunsa kuti kagalimotoka n'ka kuti. Januario anayankha monyada kuti dzina lake lanena kale. A malume analavula. Iwo ndi a Keyala, anamenya nkhondo ndi eni kagalimotoka ku Burma, nkhalango yake anaisiyira anzawo ambiri. "Anandiphonya ndi chipolopolo, andipeze ndi matayala?" Sakwera. Adikira basi.

Ndiye kuti mvula ikamagwa, banja langa lilipo. Sindinaikondepo mitambo chonchi.

Loweruka, 19 Januwale

Mvula tsiku lonse. Utsi wa m'mabalani a fodya sukukwera, ukungoyenda pansi ngati ukufunafuna kanthu kamene unataya.

Ndimakakonda kagalimotoka, ndilembe pano poti palibe wowerenga. Kobiriwira ngati tsamba losapsa, mphuno yafupi, kumbuyo kwa katundu. Dzina la kampani yake lili pa chitsulo kutsogolo, koma pa komboni sililowa m'kamwa, tonse timangoti Kajapani. Bwana anakatenga kum'mwera chifukwa chotsika mtengo. Kuki Afonso akuti ku kalabu azungu anzake anamuseka mpaka kutaya mowa: chitini cha jamu, chidzasungunuka ndi mvula yoyamba. Dona mpaka lero sakwera popita ku tchalitchi.

Mvula yoyamba inapita, yachiwiri, yachikhumi. M'mawa uliwonse kiyi kamodzi, kayankha. Januario akuti petulo kamamwa ngati mlamu wamanyazi.

Nyuzipepala imene anakulungira sopo ku sitolo inali ndi mbiri yake. Anthu amenewa poyamba sanali a galimoto. Ankapanga makina oluka nsalu. Kenaka mwana wa pabanjapo anaona galimoto za kunja, mtima wake unachoka pa ulusi. Nkhondo inawagwetsa pansi, anadzuka, lero katundu wawo ali pansi pa msasa wathu. Pepalalo lang'ambika pakati pa chiganizo, zotsalazo ndimaluka ndekha. Ndimaona nyumba yaitali m'mphepete mwa phiri, akazi atamanga mipango, makina akuti tcheke tcheke, ndipo kumapeto kukutuluka msewu. Msewu weniweni, wopindidwa bwino ngati chirundu. Ukangouyala, wafika ku Dedza n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Lachinayi, 24 Januwale

Ndayamba ntchito ya Yudasi. Madzulo aliwonse pakhonde ndimathirira mantha a malume kuti asafote. Ndawauza kuti chitsulo chake n'cha mfuti zosungunula. Kuti mpando wake umanunkhiza msilikali ngakhale atasamba. Kuti tsiku lina kanadutsa mkulu wina wa mendulo ku Macheke, hutala inalira yokha. Mabodza okhaokha, koma osokedwa bwino. Luso lomwe ndimagonetsa nalo ana a Sitandade 2.

Amamvetsera maso ali otseka. Akagwedeza mutu amati, "Hmm. Tiyi watsala?"

Ndikamadutsa pa msasa ndimayang'ana kumbali. Kajapani kamandiyang'ana ndi nyali zake ziwiri.

Lachitatu, 30 Januwale

Shuga watha. Wachiwiri mwezi uno. Bedi n'lawo, Esnat ndi ana pa mphasa, ine pa mabenchi awiri m'kalasi, mutu pansi pa mapu a Chitaganya amene posachedwa adzakhala oyatsira moto. Amameta ndi lezala langa. Avala jekete langa la tchalitchi, akuti la ku Dedza silidziwa mphepo ya kuno. Pa komboni akuwatchula sekuru, ndiye kuti agogo, amayi achishona akuwabweretsera mahewu, iwo akuwauza za njovu zonyamula mitengo.

Ndimafuna apite. Akapita, nyumba ipita nawo. Ndiye ndimawathirira tiyi.

Ndinalota Esnat ali pa mlatho wautali, mwana kumsana, ine ndikumuthamangira pa galimoto yopanda injini, pakamwa pokha.

Lolemba, 4 Febuluwale

Chilole chachikulu cha mzungu wa pulazi ya kutsidya, yemwe uja wa chitini cha jamu, chinatitimira pa dambo ndi nkhuni za mabalani. Ng'ombe zinakanika. Januario anamangirira tcheni. Kajapani kanatsokomola, kananjenjemera matako, kanakoka. Komboni yonse nthungululu. Mzunguyo akuti anavula chipewa, anasuzumira pansi pake nthawi yaitali, kenaka anafunsa Bwana chapansipansi za mtengo.

Mbiri imayenda chonchi. Palibe amati ndinalakwa. Amangofunsa mtengo.

A malume anali pa chulu, manja kumbuyo. Sanaombe m'manja. Komanso sanalavule.

Lachisanu, 8 Febuluwale

Popita kukaliza belu ndinawapeza pa msasa, okha. Dzanja pa boneti ngati akuyeza mwana kutentha thupi. Ndinafuna kubwerera, anandiona. Anafunsa ngati n'zoona zimene Jesinta wawauza, zoti eni ake anali oluka nsalu. Mwana ameneyu! Ine kumanga mpanda madzulo, iye kuphwasula masana.

Ndinavomera.

Anati ku Burma, m'mbali mwa mtsinje, anapeza mnyamata wa adaniwo atafa. Wamng'ono, ndevu zisanamere. M'chiuno, mkati mwa yunifolomu, nsalu yoyera yokhala ndi timfundo tofiira tosawerengeka. Womasulira anawauza kuti kamfundo kalikonse kanamangidwa ndi mkazi wake wake, amayi, alongo, ngakhale odutsa m'njira, kuti mwanayo abwerere. "Sanabwerere. Koma kwawo anatsanzika bwino, ameneyo."

Anachotsa dzanja, analipukuta pa jekete langa. Belu ndinaliza mochedwa.

Lachitatu, 13 Febuluwale

Masiku atatu opanda dontho. Kumwamba mbee, kopanda chisoni. Msewu wayamba kuchita fumbi. Akuti basi iyambiranso sabata yamawa.

Esnat wachapa zonse. Wamanga mitolo iwiri, mapoto m'dengu, nsapato za Jesinta pamwamba. Ndinaima pakhomo ngati wobwera kudzagula mazira. Ndinayamba kumuuza nthano ina, yoti mwina mlatho wa ku Macheke wakokoloka. Anandidula.

"Bambo a Jesinta, munthu anaoloka nyanja yamchere pa sitima, mukuti akuopa kagalimoto? Mwezi wathunthu akudikira inu. Munapempha chitengwa kwa yani? Kwa positi ofesi?"

Ndiyeno: "Ine sindikufuna kupita. Koma sindingakhale ngati mbuzi yolowa m'khola la eni usiku."

Ndinakhala pansi pa mtolo. Zaka zitatu za koleji, ndikudziwa mitsinje ya ku Canada. Mwambo wa kwathu ndinauika mu envelopu. Mkazi satengedwa pamudzi pawo ndi kalata. Amapita munthu, nkhoswe, n'kukhala pansi, n'kupempha, kanthu kali m'manja. Iwo sakanandiuza. Mwini mbumba sapempha kuti apemphedwe.

Lachinayi, 14 Febuluwale

Nkhoswe ndiipeza kuti kuno? Abale anga onse ali kutsidya kwa Zambezi. Ndinapita kwa Januario, ali pansi pa Kajapani, miyendo yokha kunja. Ndinalankhula ndi miyendoyo. Inaseka mpaka kugunda tayala. Kenaka anatuluka. "Kwathu ku Tete timati wokwera naye ndiye m'bale. Inu munakwera kale, mpaka munafika kwathu, ndinamva." Komboni yonse ikudziwa, kani.

Wavomera. Malaya oyera abwereka kwa Afonso.

Nkhuku ndagula kwa mai Genoveva, thadzi lofiira, lonenepa, la maso achipongwe. Lezala latsopano ndiye liyembekeze mwezi wamawa.

Lamulungu, 17 Febuluwale

Titaweruka ku tchalitchi. A malume pampando, ife pansi. Tayi ndinavula. Januario anayamba ndi Chinyanja chake cha ku Tete, chopindika ngati msewu wa kwawo, mafuta a injini akuonekabe m'zikhadabo. Anati mwana wathuyu anaba, sakukana. Anati ndi wophunzira, mumukhululukire, sukulu imawononga. Anapempha kuti Esnat akhale kuno ndi chilolezo cha kwawo. Kuti ana ndi a ku Dedza, adzidzapita kukaona manda a makolo awo, malire atsekedwe asatsekedwe. Anaika nkhuku patsogolo, miyendo yomanga.

Ine mutu pansi. Nyerere imodzi inkakoka phiko la ngumbi pafupi ndi bondo langa, ndinaiperekeza ndi maso mpaka pakhomo.

A malume anafunsa Esnat ngati amadya, ngati ndimamumenya, ngati akufuna. Anayankha motsitsa, sindinamve zonse. Kenaka anayang'ana nkhuku. Nkhuku inawayang'ana. "Ndamva." Basi. Sanaikhudze. Anapempha tiyi.

Nkhuku ili m'dengu kuseri kwa chitseko. Mitolo ikadali yomanga.

Lachitatu, 20 Febuluwale

Basi inalowa dzulo, inatuluka. A malume sanakwere. Ameta. Apita kukatsanzika kwa amayi a mahewu, kwa foromani, ngakhale kwa ng'ombe. Ndikufuna kuwafunsa ngati avomera. Esnat akuti ndisafunse.

Ndaphunzitsa kuchotsera. Zinayi kuchotsa zitatu. Ndinaima pa bolodi mpaka ana anayamba kunong'onezana.

Lachisanu, 22 Febuluwale

M'mawa, mame akadali pa fodya. Januario anaimika Kajapani pakhomo pathu penipeni, injini ikung'ung'udza. A malume anatuluka ndi sutikesi. Jekete langa ali nalo m'thupi, ndipo ndaona kuti likupita ku Dedza. Esnat anatulutsa mtolo woyamba.

A malume anauyang'ana mtolowo. "Iwe, zimenezi ukupita nazo kuti? Kagalimoto kakang'ono aka, malo ndi a ine ndi nkhuku yanga."

Analowa m'nyumba okha, anatuluka nalo thadzi kukhwapa. Esnat anagwada pomwepo pafumbi. Ine sindikudziwa chimene ndinachita, Jesinta akuti ndinagwira chanza Januario kawiri.

A malume anazungulira Kajapani kamodzi. Anagogoda chitseko ndi chala ngati mlendo waulemu, analowa kutsogolo, nkhuku pamiyendo. "Mpando sukundinunkhiza, aphunzitsi. Kapena uli ndi chimfine?" Anati Khirisimasi ya chaka chamawa akufuna kuona ana, tibwere pa basi, pa sitima, kapena pakamwa panga, zili kwa ine.

Kanayamba kuyenda. Pa msasa anatulutsa mutu pa zenera, chipewa m'manja, nkhalamba ya ku Burma, masaya otupa: vuuu! vuuuuu! Mpaka kuseri kwa mabalani.

Fumbi lakhazikika. Bedi labwerera. Esnat akulimbana ndi mfundo ya mtolo, anaimanga zolimba, akundiitana kuti ndibwere ndi mano